Kuno ku Pak Nam Pho, tauni imene inafulatira mtsinje wake

Abale anga kumudziko, ndakhala ndikulonjeza kuti ndilemba za kuno ku Thailand koma ulesi ndi kutentha inu, mu Epulo kuno kumatentha kudutsa madigiri 40 moti munthu umangokhala pansi pa feni kukamwa kuli yasa ngati nkhuku ya chitopa, amene munakhalako ku Ngabu kapena ku Nsanje mu Okutobala mukudziwa chimene ndikunena. Ndiye lero ndati ndilembe basi, makamaka poti ambiri mukandiimbira funso lake limakhala lomwelomwelo, ku Bangkok kuli bwanji. Ine sindikhala ku Bangkok ayi. Ajenti amene anandipezera ntchito ya uphunzitsiyi anandiuza kuti sukulu yake ili kufupi ndi Bangkok, kufupi kwakeko ndi makilomita pafupifupi 240, maola atatu ndi kanthu pa minibasi, zili ngati munthu akhale ku Dedza nkumauza anthu kuti ndili cha ku Limbe konkuno. Ndinakwiya masiku oyamba koma pano ndinazolowera, renti ndi yotchipa ndipo anthu ake alibe phuma.

Pa mapu tauniyi analemba Nakhon Sawan, akuti kumasulira kwake ndi mzinda wakumwamba, koma eni ake makamaka achikulire amangoti Pak Nam Pho. Ndi pamene mitsinje iwiri ikuluikulu yochokera kumpoto, Ping ndi Nan, imakumana nkukhala mtsinje umodzi wa Chao Phraya, womwe uja mumauona pa zithunzi za Bangkok uli ndi maboti a alendo. Umayambira pano, nkuyenda makilomita 372 kukafika kunyanja. Ukaima pamphambano pakepo nyengo yabwino umaona ndi maso kuti madzi a Ping ndi obiriwirako pomwe a Nan ndi ofiira ngati katondo, amayenda limodzi kamtunda ndithu asanasakanikirane. Pano anamangapo chinyumba chokhotakhota chotchedwa Pasan pomwe achinyamata amakajambulitsa madzulo. Ine ndinapitako kamodzi, nzabwino, koma si zimene ndikufuna kukuuzani.

Chimene chinkandizunguza mutu miyezi yoyamba nchakuti tauni yotchuka ndi mtsinje chonchi, ukamayenda m'kati mwake mtsinjewo suuona. Mashopu, mabanki, masitolo a golide, depoti ya mabasi, zonse zinayang'ana ku msewu. Kumtsinje kuli chikhoma cha konkire, kuti uone madzi uyenera kukwera masitepe. Anandimasulira nkhaniyi ndi alandilodi anga, gogo wina wa zaka za m'ma 80 amene aliyense amangowaitana kuti Ama. Ndi mawu a Chitchaina cha Teochew otanthauza agogo aakazi, tsiku loyamba ndinaseka ndekha poti kwathu ukati ama ndiye kuti ukuitana mayi ako, ndiye sizinandivute. Iwo amandiitana khru, ndiye kuti aphunzitsi, dzina langa linawakanika kalekale. Chithai changa nchothyokathyoka ndiye nkhani zambiri amatanthauzira ndi mdzukulu wawo wamkazi amene amaphunzira ku koleji, akatopa amangoti agogo akubwereza zomwe zija.

Vuto lina Ama satchula zaka ngati ife. Kuno amawerenga zaka za Chibuda, zimene zili patsogolo ndi 543, ndiye iwo akati chaka cha 2493 ine ndimayamba ndatulutsa foni kuchotsera, nkupeza 1950. Ndipo 2493 ameneyu amamutchula pafupipafupi ngati mmene agogo athu ankatchulira njala ya 49, chilichonse chimakhala chisanafike chaka chimenecho kapena chitadutsa.

Chisanafike chaka chimenecho, akuti tauni inali pamadzi. Osati m'mbali mwa madzi, pamadzi penipeni. Mabanja ankakhala m'nyumba zoyandama zomangidwa pa mitolo ya nsungwi, amati ruean phae, shopu kutsogolo kogona kumbuyo, madzi akakwera nyumba imakwera nawo, akatsika imatsika nawo, ntchito yako nkumasula kapena kukoka chingwe basi. Bambo awo a Ama anali ndi chiboti cha matabwa chokhala ndi denga lozungulira, ankagula mpunga wosapuntha kwa alimi m'midzi ya m'mbali mwa Nan, kubwera nawo pano, apa nkuupakira m'maboti akuluakulu opita kuzigayo za ku Bangkok, pobwerera kumtunda amatenga mchere, parafini, nsalu, mapoto. Chifukwa chake tauni inamera pano nchosavuta, boti lalikulu la kumunsi silikanatha kulowa m'mitsinje ya kumtunda chilimwe madzi akaphwa, ndiye katundu yense amayenera kutsitsidwa ndi kukwezedwanso pompano, ndipo pomwe katundu akutsitsidwa pamakhala wonyamula, wophika, wobwereketsa ndalama, wotchova juga, onse.

Koma chimene Ama amachikamba maso ali gwa ndi mitengo. Mitengo ya teak, iwo amati mai sak, tingoti mlombwa wawo wa kuno koma wosafumbwa ngakhale pang'ono, chiswe chimangoudutsa. Inkadulidwa m'mapiri a kumpoto cha ku Chiang Mai, Lampang, Phrae ndi makampani a azungu, Bombay Burmah, Borneo Company, ndi ina ya ku Denmark ya East Asiatic. Mtengo wauwisi wa teak suyandama, ndiye ankayamba ausema khungwa kuzungulira tsinde nkuusiya chiimire zaka ziwiri kapena zitatu kuti uume, kenako kuugwetsa, njovu nkuukokera kukhwawa, nkudikira mvula. Mvula ikakana chaka chimenecho chipikacho chimangogona pamchenga mpaka chaka chinacho. Kuti mtengo uchoke pachitsa mpaka ukafike pa macheka ku Bangkok zinkatha zaka ngati zisanu, tangoganizani geni yodikira zaka zisanu, ife a kaunjika tikanafa ndi BP. Zipikazo zikafika pomwe mtsinje watambasuka ankazimanga pamodzi kukhala ziphaka zazitali, pamwamba nkumangapo kachisakasa ka anthu oyendetsa, ndipo zonse, za mu Ping ndi za mu Nan, zimayenera kuima pa Pak Nam Pho kuti a boma awerenge, ayeze, adule msonkho.

Ama amati ali mwana nyengo ya madzi ambiri ankatha kuyenda pamwamba pa mitengo kuchoka tsidya lino mpaka pafupifupi tsidya linalo osanyowa phazi. Kaya nzoona kaya ndi zokometsera za ukalamba, mdzukulu wawo amangopukusa mutu. Koma pali umboni umodzi umene ndimaukhalira tsiku lililonse. Pakhonde pa shopu yawo pali benchi ya thabwa limodzi lokha, lochindikala ngati dzanja langa chitambasulire, lakuda bii ndi kukhalidwa, anthu anayi sitingalinyamule. Kumapeto kwake kuli chidindo chokhomedwa ndi hamala, zilembo za chizungu zofufutika, chizindikiro cha kampani imene inali mwini chipikacho. Ndinawafunsa kuti nanga chinapezeka bwanji kwa inu poti chinali cha azungu, anaseka mpaka kutsokomola nkunena kuti chinasochera usiku. Mdzukulu uja anakana kutanthauzira zotsatira zake.

Sitima ya pamtunda inafika kuno kale mu 1905 kuchokera ku Bangkok, koma njanji anaidutsitsa tsidya la kum'mawa pomwe tauni ili tsidya linalo, ndiye wotsika sitima amayenerabe kukwera boti kuti alowe mumsika. Sitimayo inachepetsako geni ya maboti koma sinaiphe. Chinadzasintha zinthu ndi buliji.

Buliji yake ndi ya Dechatiwong. Anayamba kuimanga mu 1942 nkhondo yachiwiri ili m'kati, asilikali a Japan ali m'dziko muno, ntchito nkumayenda mwa apo ndi apo mpaka anadzaitsegula mu 1950, ndiye 2493 wa Ama uja. Ikadalipo mpaka lero, ya konkire yokhala ndi mauta pamwamba, yopapatiza moti ukaiona umadabwa kuti kameneka ndi kamene kanatembenuza tauni yonse, pambali pake anamangapo ena awiri amene magalimoto amadutsapo pano. Ama anali ndi zaka ngati 10, akuti anapita ndi bambo awo kukaona, anthu akuyenda wapansi kuwoloka nkubwereranso, kuwoloka nkubwereranso, osapita kulikonse, kungofuna kumva kukoma koponda pamwamba pa Chao Phraya. Bambo awo akuti anangoima phee osalankhula, pobwerera kunyumba nkuwauza mayi awo kuti boti lija tiligulitse likadali ndi mtengo. Mayi anakana, anakangana zaka zingapo. Koma bambowo anaona patali, chifukwa bulijiyo ndi imene inalumikiza msewu waukulu wa Phahonyothin, Highway 1, umene umachoka ku Bangkok mpaka ku Mae Sai kumalire ndi Burma, makilomita pafupifupi 1,000. Ulendo umene pa boti lokwera mtsinje unkadya masabata, lole inayamba kuupanga tsiku limodzi kapena awiri.

Kenako kunabwera madamu. Mu 1957 anamaliza damu la Chao Phraya ku Chai Nat, kumunsi kwathu kuno, la ulimi wothirira, ngongole ya World Bank. Mu 1964, chaka chomwe ife tinkalandira ufulu, anatsegula damu la Bhumibol pa Ping cha ku Tak, chikhoma cha mamita 154 kutalika, la magetsi, poyamba linkatchedwa Yanhee. Patatha zaka ngati khumi linabweranso la Sirikit pa Nan ku Uttaradit. Ndiye chipika chochokera ku Chiang Mai chidutsa bwanji chikhoma cha mamita 154? Nthawi yomweyo nkuti makampani a azungu aja zilolezo zawo zitatha m'zaka za m'ma 1950 boma litatenga geniyo, mitengo yotsalayo inayamba kuyenda pa malole, ndipo nkhalango zinapitirira kutha mpaka boma linadzaletseratu kudula mitengo m'nkhalango zachilengedwe mu 1989. Mtsinje umene unkadzaza ndi ziphaka unangotsala mbee. Nyumba zoyandama zija imodzi imodzi anthu anayamba kuzikokera kumtunda kapena kuziphwasula.

Apa mpamene ine ndinakumbuka Chiromo. Amene munaphunzira history ya ku pulayimale mukukumbuka kuti pomwe Ruo amathira mu Shire panali doko lenileni, sitima za pamadzi zochokera ku Zambezi zinkaima pamenepo, katundu wa ku Blantyre ankatsikira pamenepo, lero mukapitako mungakhulupirire? Ndinamuuza mdzukulu wa Ama kuti kwathunso kuli malo otere, anandifunsa kuti ndiye pano ndi tauni yaikulu bwanji, ndinangoti tiyeni tikambe zina. Kusiyana kwake nkwakuti kuno mtsinje utasiya kudyetsa anthu, msewu unadzera pakhomo pomwepo, ndipo eni mashopu sanadikire kuti wina awauze, anangotembenuza zitseko. Nyumba ya Ama imene ndikukhalayi anamanga cha m'ma 1960, ya konkire, yophatikizana ndi zinzake mzere wonse, pansi shopu pamwamba pogona, khomo kuyang'ana kumsewu, kumtsinje kunatsala khitchini ndi bafa. Boti lija linagulitsidwa ndithu pamapeto pake, nkugula lole ya Isuzu ya matayala khumi, kuno amati sip lo, bodi yake ya matabwa yopentedwa maluwa. Chithunzi chake chili pakhoma pafupi ndi cha mfumu.

Ndipo loleyo sinkanyamula mpunga wokha. Ichi chikusangalatsani, inkanyamula chimanga. Zaka zimenezo boma linkapopera DDT kuthana ndi malungo, misewu ikulowa m'tchire, anthu anakhamukira kumitunda ya ku Tak Fa ndi Takhli kukaswa mphanje, ndipo mbewu imene inawalemeretsa ndi chimanga chogulitsa ku Japan. Koma chimanga chake nchachikasu cholimba, chodyetsa nkhuku ndi nkhumba. Nditawauza Ama kuti kwathu chimanga ndiye chakudya, kopanda nsima sitinadye, anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni nkulowa m'nyumba kukanditengera mbale ya mpunga ndi nsomba. Mpaka lero amakhulupirira kuti ndinathawa njala. Ndinayesapo kuwaphikira nsima ya ufa umene mnzanga wa ku Zambia anandibweretsera kuchokera ku Bangkok, analawa kambamu kamodzi mwaulemu nkufunsa ngati ndaiwala kuthira shuga. Pano kumitunda kuja kwadzaza nzimbe ndi chinangwa, nyengo yodula malole a nzimbe amachita kutsekereza msewu ngati ku Nchalo.

Ndalama ina inabwera ndi nkhondo ya ku Vietnam. Ku Takhli, ulendo wa ola limodzi kumwera kwa tauni ino, kuli bwalo la ndege za nkhondo pomwe Amereka anakhalapo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 mpaka 1970, nkubwereranso mu 1972 kwa zaka zochepa. Ndege za F-105 zinkanyamuka pamenepo kukaponya mabomba ku North Vietnam. Asilikali masauzande ofuna mowa, ayisi, zovala zochapidwa, matelala, mabala, ndi zina zija simufuna kuti ndizitchule. Mchimwene wawo wa Ama ankapititsako simenti ndi ndiwo zamasamba, akuti ndalama ya nyumba yachiwiri inachokera kumeneko. Mbali imeneyi imandikhudza inenso mwanjira yodabwitsa. Tsiku lina kumsika bambo wina wokalamba woyendetsa njinga ya matayala atatu anandiimitsa nkundilankhula chizungu cha m'mafilimu a kale, kundifunsa ngati ndine wa ku Alabama. Kwa iye munthu wakuda ndi msilikali wa Amereka basi, ndi okhawo anawaonapo ali mnyamata. Malawi sanaimvepo, ndinayesa kutchula Tanzania, Mozambique, Madonna, sizinathandize, tinagwirizana kuti ndine wa ku Africa cha kumunsi. Anandiuzanso, mawu atatsitsa, kuti m'midzi ya kumeneko muli anthu a zaka za m'ma 50 akhungu ngati langa amene bambo awo sanawaonepo, ndipo anakula movutika ndi kunyozedwa. Sindinayankhe kanthu, ndinangomugulira khofi wa ayisi.

Za Atchaina ndingokhudzako pang'ono. Pafupifupi mashopu onse akale a pakati pa tauni ndi a zidzukulu za anthu ochokera ku China, a Teochew, a Hainan, a Hakka, a Canton. Nthawi ya Phibun, mtsogoleri amene anasintha dzina la dziko kuchoka pa Siam kukhala Thailand mu 1939, anawafinya kwambiri, sukulu zawo kutsekedwa, ntchito zina kuletsedwa, ndipo mu 1949 chiwerengero cha obwera kuchokera ku China anachidula kufika 200 pa chaka. Ambiri anangotenga maina a Chithai nkupitiriza geni. Ama Chiteochew amalankhula akamatukwana kapena kupemphera, adzukulu sadziwa olo kuwerenga mpaka teni. Koma ikafika nyengo ya chaka chatsopano cha Atchaina tauni yonse imapenga masiku 12, chinjoka chagolide chonyamulidwa ndi anyamata ochuluka chikuzungulira m'misewu nkukwera pamtengo wautali chikulavula moto, ng'oma ndi makombola usiku wonse, ana kusukulu kwathu sabata imeneyo ngakhale uphunzitse bwanji palibe chimalowa. Milungu imene amainyamula paperetepo kachisi wake wamkulu ali m'mbali mwa mtsinje moyang'anana ndi pokumana madzi paja, ndi okhawo amene sanasamuke.

Tsono tauni inakula ndi msewu, ikutchedwa khomo lolowera kumpoto, aliyense wopita ku Chiang Mai kapena ku Phitsanulok amayenera kudutsa pano, kuima, kuthira mafuta, kudya zakudya za nsomba ya pla krai ya mu dambo lalikulu la Bueng Boraphet, kugula timakeke totchedwa moji topita nato kwa abale. Koma mwana wa Ama amene akuyendetsa shopu pano amadandaula zomwe ankadandaula agogo ake, mawu okha ndi amene asintha. Anamanga msewu wolambalala tauni, Highway 122, ndiye magalimoto ambiri salowanso m'kati, amaima pa mafilingi siteshoni a kunja komwe kuli timashopu ta 7-Eleven ndi zimbudzi zoyera, achinyamata akamaliza sukulu amathawira ku Bangkok, mumzere wathu mashopu atatu ndi otseka zitseko zachitsulo zili dzimbiri. Ama akamumva amangoti bambo anga anagulitsa boti, iwe ugulitsa chani, iye nkukhala chete kumangodina foni.

Mtsinje uja sunaiwale njira yake. Mu Okutobala 2011, chaka cha chigumula chachikulu chimene chinamiza mafakitale ku Ayutthaya mpaka mbali zina za Bangkok, chotchinga cha kumsika wa m'mbali mwa mtsinje chinabooka, madzi nkulowa m'tauni mwa maola ochepa. M'shopu ya Ama mzere wake ukuonekabe kuseri kwa shelefu, ine ndikaima umandifika pachifuwa, anakana kuti apentepo. Katundu yense wapansi anaonongeka, firiji, matumba a mpunga, mabuku a ngongole. Benchi ija yokha ndi imene inayandama nkutuluka pakhomo, anakaipeza patatha masiku itakodwa pa mpanda wa kachisi, anaizindikira ndi chidindo chija. Ama amati ali mwana madzi ngati amenewo sakanawatcha ngozi, bambo awo akanangomasula chingwe. Chikhoma cha konkire chimene ndinanena poyamba chija anachikweza pambuyo pa chaka chimenecho.

Pano tikulowa nyengo ya mvula yambiri, Seputembala ndi Okutobala ndiye miyezi yoopsa. Madzulo alionse pa nkhani za pa TV amatchula kuchuluka kwa madzi amene akudutsa pa siteshoni yoyezera ya C.2, ili konkuno, dziko lonse limatchera khutu nambala imeneyo chifukwa madzi akadutsa pano patatha masiku ochepa amakhala ali ku Bangkok. Ama sakhulupirira TV. M'mawa uliwonse amandikodola ndisanapite kusukulu, khru, khru, ndiwagwire mkono tikwere masitepe a chikhoma chija, amayang'ana mtundu wa madzi ndi zinyalala zimene zikuyandama, amalavula, nkutsika. Dzulo atatsika anandiuza kuti mabuku anga ndi sutikesi ndizikweze m'chipinda cham'mwamba lisanathe sabata lino, ndipo njinga yamoto ndizikaimika kufupi ndi phiri la Khao Kop kwa mphwawo. Ndakweza kale mabuku. Amene mukubwera mu Disembala musaiwale ufa woyera ndi kapenta, ndipo mundiuze msanga tsiku lake kuti ndipemphe tchuthi ndikakuchingamireni ku Bangkok kufupi kuja.